Mawu a malemu mu kaundula

Kompyuta ndinadziphunzitsa ndekha, ndipo mphunzitsi wangayo sanali wanzeru kwenikweni.

Kuofesi ya parishi kwathu tili ndi pulogalamu ya kaundula wa akhristu, yokhala ndi mafailo amtundu wakewake. Tsiku lina kompyuta inandifunsa pulogalamu yotsegulira mafailowo. Mwachangu ndinasankha yoimbira nyimbo, n'kuchonganso kabokosi koti izitero nthawi zonse.

M'mawa mwake Mayi Nachisale, alembi athu, anadina failo ya maubatizo. Mayina sanaoneke. Kunamveka chifuwa, kenako mawu a malemu a Namakhwa, ophunzitsa kwaya, amene tinali titawaika mwezi wathawo: "Mwalakwitsa. Tiyambirenso."

Failo iliyonse, mawu omwewo.

Mayiwo anandiitana mwamantha. "Achimwene, akunena ine. Ali m'chipatala sindinakawaone."

Nanenso ndinaopa. Koma pofika Lachitatu ndinali nditazindikira: pulogalamuyo ikalephera kuwerenga failo, imaimba zomwe inaimba komaliza, ndipo amenewo anali mawu omwe ndinajambula pophunzira kwaya. Kuulula kunali kwapafupi. Kungoti kuno amanditcha katswiri, ndiye ndinakonza mwakachetechete Mayi Nachisale atapita kukadya.

"Asiya kuyankhula," anatero atabwerera. "Ndiye kuti akwiya zenizeni."

Kuyambira pamenepo chakudya sichinawalowe. Loweruka anati akapepese kumanda ku Ndunde, ndipo ine ndinawaperekeza, nditawanyamulira ambulera. Anagwada, analira, kenako anandiyang'ana.

"Inu mulibe chopepesa?"

Ndinagwada pambali pawo, n'kupepesa kwa a Namakhwa, poti malemuwo sakanandiyankha.