Chidebe cha ku Nathenje

Ndikukumbukira chaka chimene achimwene anga a Maliko anasanduka mwana wa koleji osatsegulako buku. Ine ndinali mtsikana wa Sitandade 4, ndipo tinkakhala pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Mitundu, kumene bambo anali tenanti. Inali esiteti yathu yachinayi. Kusamukasamuka kunali kutatikwana, moti amayi analeka kudzala ngakhale papaya, ati adzadya ndi ena.

Achimwene ankagwira ganyu m'khola la ng'ombe pa koleji ina ya kumeneko. Ophunzira atawaona akumenya mpira osavala nsapato, timu ya kolejiyo, imene inali itazolowera kugonja, inawatola. Anawapatsa jezi, nsapato zothina ndi dzina la wophunzira wina amene mpira ankangoumvera pa wailesi. Mphunzitsi wa zamasewero anawalonjeza kuti chikho chikabwera, adzawapezera ntchito yokhazikika ndi nyumba ya malata. Kwathu tinali titagawana kale zipinda.

Inali miyezi yolemetsa. M'mawa kukama ng'ombe, masana kukolopa khola, madzulo kuthamanga ndi anthu amene aswera pampando. Achimwene ankafika kunyumba n'kugona chakudya chili m'manja. Jezi ndinkachapa ndine, koma fungo la ndowe silinkamva sopo. Komabe anagoletsa ku Malingunde, anagoletsa ku Diamphwe, mpaka timu inafika mu fainolo.

Fainoloyo inali ku Nathenje, mwezi wotentha, pabwalo lafumbi lokhalokha. Bambo anandikweza pa njinga, ndipo ndinafika matako atachita dzanzi. Pofika nthawi yopuma tinali titachinya ziwiri, zonse za achimwene. Ophunzira anakhala pa benchi n'kumayamwa malalanje. Achimwene anakhala pansi chapatali, kudikira kuti mabwana ayambe amaliza, monga ankachitira masiku onse kuntchito. Palibe anawauza kuti mwana wa koleji sakhala choncho.

Mphunzitsi wa timu inayo, bambo wadazi, anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anapita pomwepo n'kukuwa kuti, "Iwe! Tenga chidebe icho ukatunge madzi kumjigo. Fulumira!"

"Wawa, bwana," anatero achimwene. Anadzambatuka, kunyamula chidebe, liwiro.

Wophunzira weniweni akanafunsa kuti, "Inu ndinu ndani?" Wadazi uja anangoseka n'kulunjika kwa oyendetsa mpikisano. Achimwene pobwera ndi madzi, osataya ndi dontho lomwe, anapeza anthu atamuzungulira mphunzitsi wa timu yawo. Achimwene anafunsidwa dzina la mkulu wa kalasi yawo, iwo n'kuyang'ana pansi. Mpira unathera pomwepo, chikho chinapita kwa enawo. Anzawo amene ankawanyamula m'mwamba Loweruka lililonse anakwera lole osawayang'ana, ndipo Lolemba ganyu inatha.

Tinabwerera wapansi, bambo akukankha njinga. Ine mtima unali utandiwawa kwambiri, mwina kuposa eni ake.

"Achimwene, munapitiranji?" ndinafunsa ndikulira.

"Nanga munthu wamkulu atandituma, ndikanatani?" anayankha motopa.

Bambo, amene anatiphunzitsa ulemu umenewo ndi mkwapulo, anangotsokomola. Fodya atagulitsidwa tinamanganso katundu kupita ku esiteti yachisanu, ndipo achimwene sanavalenso nsapato za mpira.

Masiku ano osewera amaonetsa ziphaso za zithunzi, chinyengo chotere sichingadutse pageti. Ana nawonso anasintha. Wanga wamkazi ali ku koleji, ndipo akabwera ku holide ndikamutuma madzi, amayankha maso ali pa foni kuti, "Ndikubwera, amayi." Mkwiyo umandikwera ndithu, pakamwa n'kutsegula kuti ndimukalipire. Kenako ndimatseka, n'kunyamuka kukatunga ndekha.