Chala cha Masudi

Alda anabwerera kwawo ku Lichinga ufulu utangobwera, ataphunzira za ubongo ku Maputo. Madokotala achipwitikizi anali atachoka, ndiye ankachiza chilichonse, koma mtima wake unali pa funso limodzi: diso likalandira kuwala, chimaona n'chiyani m'mutumo?

Nkhondo yapachiweniweni inamubweretsera Masudi, msodzi wa ku Meponda amene analowetsedwa usilikali. Kachitsulo ka bomba kanali katamulasa msodziyo kunkhongo. Maso ake anali abwinobwino, koma ankati kuli mdima wokhawokha. Tsiku lina Alda anamuona akulambalala mpando umene unasiyidwa pakhonde.

"Bambo Masudi, mwauona mpandowo?"

"Mpando uti, a Dotora?"

Kuyambira pamenepo ankamuyatsira tochi, pena kumanzere, pena kumanja, n'kumuuza kuti aloze.

"Ndiloze chiyani, poti sindikuona?"

"Ingolozani basi."

Chala chinkapita kumene kuli kuwala. Alda anazindikira kuti pali kanjira kena kochokera kudiso kamene kamalambalala povulalapo, kamayendetsa dzanja mwini wake osadziwa. Chimwemwe chitamusefukira, anaitana Orlando, mnzake wa kusukulu, dokotala amene ankagamula asilikali oyenera kupuma usilikali. Orlando anaonerera, anaomba m'manja, namwa tiyi.

Sabata isanathe, galimoto ya asilikali inabwera kudzatenga Masudi. Orlando, amene akuluakulu ankamunena kuti amamasula anthu mwachisawawa, anali atakanena kuti wagwira wonamizira khungu, ndipo mboni yake ndi Alda.

"Orlando, ukudziwa kuti munthuyu saona!"

"Unandionetsa ndiwe," anayankha Orlando. "Ndikanawauza chiyani akuluakulu? Kuti akuona koma sakuona?"

Pokwera galimoto, Masudi anatembenukira kumene kunkachokera mawu a Alda. "A Dotora, paja munati ndingoloza."

Alda anayenda m'maofesi mpaka kutopa, koma za Masudi sizinamvekenso. Anatsikira ku Meponda kukauza mkazi wa Masudi. Mayiyo anamvetsera akutembenuza usipa pathandala, osamuyalira n'komwe mphasa.

Kafukufuku wake wa ubongo anathera pomwepo. Alda anakalambira ku Lulimile, dera la mu Lichinga momwemo, akuyeza anthu magalasi ndi kuchotsa ng'ala. Nkhondo itatha, Orlando anabwera kuchokera ku Maputo, ali bwana, n'kumufunsa chifukwa chake mutu wabwino chotero unangokhala. Alda anamuuza kuti kunja kuli odwala akudikira, namutsegulira chitseko.