Mmene Ndinagonjetsera Malowolo

Mbiri ya chigwa cha Shire ikadzalembedwa ndi anthu opanda kaduka, ine ndidzakhala pa tsamba loyamba, pamwamba pa mafumu ndi aphungu onse. Ndine munthu amene anagonjetsa malowolo. Mwambo umene unapirira atsamunda, ansembe ndi njala unagwada pamaso panga, ndipo zida zanga zinali bolopeni ya buluu ndi mapepala anayi.

Podikira kuti mbiriyo ilembedwe, ndikukhala kaye ku Nchalo, m'chipinda cha lendi chimene ndimagonamo ndi odula nzimbe atatu pamodzi ndi majombo awo. Mwana wanga wamkazi ali kwa Tengani. Mano ake akutsogolo anaguluka ine kulibe. Ndinamva kwa kondakitala wa minibasi.

Kwathu ndi kwa Makhuwira, ndine Mmang'anja. Kwathuko mwamuna amakakhala kwa mkazi, amamanga nyumba, amalima, koma ana ndi a kuchikazi. Mkazi amene ndinamukonda anali Msena wa kwa Tengani. Kwawoko mwamuna amalowola, amatenga mkazi kupita naye kwawo, ndipo ana amakhala ake. Miyambo iwiriyi ndi yosavuta, ngakhale mwana woweta mbuzi amaidziwa. Kuti isokonezeke pamafunika munthu wa ku koleji.

Ku kolejiko ndinakhalako chaka ndi theka. Sanandichotse ayi. Ine ndi aphunzitsi tinangosiyana maganizo pa nkhani ya mayeso. Ndinabwerera kumudzi ndi katoni ya mabuku komanso mawu akuti ufulu wachibadwidwe, amene ndinkawathira paliponse ngati mchere.

Ine ndi mkazi uja tinakumana m'bwato powoloka Shire, iye atanyamula dengu la mlamba wowamba, ine nditanyamula nyuzipepala ya mwezi watha. Nkhani itafika kwa akuluakulu, bambo ake anatchula ng'ombe ziwiri ndi mbuzi zitatu. Malume anga, amene anali ankhoswe anga, sanadandaule.

"Asena sathamangitsa munthu, mphwanga," anatero. "Upereke mbuzi imodzi chaka chino. Zinazo uzipereka mpaka imvi. Ena amafa asanamalize, koma ana amakhala awo."

Ndinawamvera chisoni malumewo chifukwa cha umbuli wawo. Ndinakhala pansi n'kulembera apongozi kalata ya masamba anayi. Ndinawafotokozera kuti mkazi si katundu. Ndinawafotokozera kuti mwana si mbuzi yoti ikhale ya amene watulutsa ndalama. Pomaliza ndinapempha kuti ukwatiwo uyende mwa Chimang'anja: ine ndibwere kwawo ngati mkamwini, popanda ng'ombe, popanda mbuzi.

Apongozi anga ndi mlimi wa thonje ndi mapira, munthu wosachulutsa mawu. Anaitanitsa mphunzitsi wa pa pulayimale kuti awawerengere kalatayo, kawiri. Atamaliza anagwedeza mutu.

"Pyadidi, zili bwino. Mwana wa sukulu walankhula," anatero. "Koma mwasaina?"

Ndinasaina, n'kudula mzere kunsi kwake. Tsiku limenelo ndinayenda kuchoka kwa Tengani mapewa ali m'mwamba, ndikumvera chisoni amuna onse amene anataya ng'ombe zawo chifukwa chosowa bolopeni.

Tinakhala zaka zisanu ndi ziwiri. Tinamanga nyumba ya njerwa zootcha pamalo a apongozi. Ndikanena kuti tinamanga, ndikutanthauza kuti malata anachokera mu mlamba wa mkazi wanga, ndipo ine ndinapereka uphungu wa kumene khomo liyang'ane. Nyengo yodula nzimbe ndinkapezako ganyu yolemba matikiti ku esiteti. Nyengo ikatha ndinkabwerera kudzakonzekera zobwerera ku koleji chaka chamawa. Chaka chamawacho ndinachikonzekera kasanu ndi kawiri.

Sindinamumenyepo mkazi wanga. Sindinayendepo ndi wina. Ndimanena zimenezi kawirikawiri, ngakhale ndaona kuti palibe amene amapereka mphotho.

Ukwati wathu unathera m'madzi. M'mawa wina mtsinje unasefukira, madzi n'kulowa m'nyumba kufika m'maondo. Mkazi wanga anabereka mwana kumbuyo, thumba la mapira pamutu, n'kuyamba ulendo wa kumtunda. Ine ndinasenza katoni ya mabuku. Titafika ku sukulu kumene anthu ankathawira, iye anatsitsa mwana n'kubwerera kukatenga thumba lachiwiri. Inenso ndinabwerera, chifukwa dikishonale inali itatsala pa windo. Mbuzi ziwiri zimene zinali zomangirira kuseri kwa nyumba zinafera pa chingwe.

Sabata yonse sanandiyankhule. Madzi ataphwa anandipeza ndikuyanika mabuku pa dzuwa, tsamba ndi tsamba. Anaima, n'kuwayang'ana mabukuwo.

"Bambo a mwana," anatero, "pyamala, zatha. Kaitaneni malume anu."

Ankhoswe anakumana pansi pa mtengo wa masawu pakhomo pa apongozi. Mwana anamutumiza kwa anzake. Anayamba ndi katundu, ndipo zinayenda mofulumira kuposa mmene munthu wophunzira angafunire. Nyumba inatsala, pakuti mkamwini sazula nyumba. Njinga inatsala, pakuti ndi imene imanyamula nsomba. Matiresi anali atawola kale, choncho sanakhale a wina aliyense. Atafika pa mabuku, mlamu wanga, mchimwene wake wa mkaziyo, anafunsa ngati pali wina wotsutsa kuti ndiwatenge. Panalibe.

Zonsezo sindinalimbane nazo. Ndinkasunga mphamvu zanga. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha: mwana amene ndinamuphunzitsa kulemba dzina lake pa mchenga, amene ankandikwera pamsana ndikamawerenga. Nkhani yake itafika ndinaimirira, manja kumbuyo, monga ankaimira mphunzitsi wathu wina.

"Akuluakulu," ndinatero, "pano tili kwa Tengani, dziko la Asena. Ndipo pa mwambo wa Chisena, mwana ndi wa bambo."

Apongozi anadzuka pang'onopang'ono, n'kulowa m'nyumba mwawo. Anatuluka ndi kajumbo ka shuga komanga ndi ulusi. Anamasula. Munali mapepala anayi, ouma bwinobwino.

"Madzi ananditengera nkhokwe," anatero, "koma ichi ndinachimangirira kudenga. Akamwini, inu mumawerenga bwino. Tatiwerengerani."

Ndinawerenga. Ndiyenera kuvomereza kuti inali kalata yabwino. Mfundo zake zinali zolimba, zosasiya pothawira. Nditafika pa mawu akuti mwana si mbuzi, mawu anga anayamba kuchepa. Malume anga anali atapeza mzere wa nyerere pafupi ndi phazi lawo, ndipo ankauyang'ana ngati nkhani ya pa wailesi ya kanema.

"Pa Chisena mwana ndi wa bambo, zoona," anatero apongozi, "bambo amene analowola. Inu munati tiyende mwa kwanu. Malume, kwanu mwana ndi wa yani?"

"Wa mayi," anayankha malume, osadzutsa mutu.

"Ndiye ndilowola tsopano!" ndinatero. "Ng'ombe ziwirizo ndizipeza. Mbuzi zitatu, zinayi, nenani."

Apa ndi pamene mkazi wanga anayankhula koyamba tsikulo. Sanakweze mawu.

"Mulowola ndani? Ine ndakukanani kale. Ndiye ng'ombezo mugula nazo chiyani? Tawerenganinso tsamba lachiwirilo."

Mlamu wanga anaseka mpaka kutsamwa. Ine ndinatchula khoti. Ndinatchula malamulo a dziko, amene ali pamwamba pa miyambo yonse, ya Chisena ndi ya Chimang'anja yomwe.

"Pitani, alamu, msewu wa ku boma ndi uwo," anatero mlamuyo akupukuta misozi. "Ine ndinapitako ndi nkhani yanga. Kumeneko safunsa za ng'ombe, ndipo za mwambo sachedwa nazo. Adzakufunsani kuti mwana azigona pati, azidya chiyani, aziphunzira kuti. Mayankho muli nawo?"

Ndinali ndi mayankho a mafunso ambiri. Ndikanatha kufotokoza kusiyana kwa ufulu ndi udindo mpaka dzuwa kulowa. Koma atatu amenewo pa mayeso anga panalibe.

Ndinakhala pansi. Pofuna kutola ulemu umene unatsala, ndinafunsa mwaulemu kuti ndizitumiza zingati pa mwezi zothandizira mwana, pakuti bambo ali ndi udindo. Ndinkayembekeza kuti atchula ndalama yaikulu, yoti ndikadandaule nayo kwa anzanga. Mkazi wanga anandiyang'ana monga amayang'anira nsomba imene yagona.

"Mukapeza, muzimugulira makope," anatero. "Koma musalembemo kanthu."

Anagwirizana kuti ndizibwera kudzamuona pa holide, ndipo akakula adzaziwonera yekha. Kenaka malume anandinong'oneza kuti pa mwambo wathu, umene ndinaumenyera nkhondo, mwamuna amasudzula mkazi ndi kandalama, kusonyeza kuti wamumasula. Anabweretsa mbale. Ndinapisa m'thumba n'kuikamo. Apongozi anaomba m'manja kawiri.

"Takhuta," anathokoza mwa Chisena. "Muyende bwino."

Ndinasenza katoni yanga. Njira yopita kumsewu imadutsa pa mjigo, ndipo mwana wanga anali pamenepo ndi anzake, atadzaza kandowa kake ka buluu. Palibe amene anali atamuuza kanthu. Katoniyo anaiona, koma anali atazolowera kundiona nayo.

"Ababa, nditwikeni."

Ndinaika mabuku pansi. Ndinamukonzera nkhata, n'kunyamula kandowako kuika pamutu pake. Madzi pang'ono anamutayikira pakhosi, n'kuseka. Anayamba kuyenda kulowera kunyumba, khosi lili chilili, manja onse awiri ali m'mwamba. Ndinamuitana. Anayankha kuti "Ee?" koma sanacheuke, chifukwa mayi ake anamuphunzitsa kuti wosenza madzi sacheuka. Ndinaima pamenepo mpaka anakhota pa munda wa mapira.

Anzanga atatu a m'chipinda muno onse anasiyanapo ndi akazi. Wina anataya ng'ombe zinayi zimene sizinabwezedwe. Wina khoti linamulamula kumangira mkazi nyumba, ndipo mpaka lero akuumba njerwa Lamlungu lililonse. Ndikawafotokozera nkhani yanga amandipatsa ulemu waukulu. Amati sukulu ndi yabwino. Amati m'chigwa chonse chino, kuyambira ku Chikwawa mpaka ku Nsanje, sanamvepo mwamuna amene analowa m'banja n'kutulukamo motchipa chotere.

Sindiwatsutsa. M'mbale muja ndinaikamo K500.