Sukulu ina ibisa Taonga, ina ingamutaye

Lachiwili masana aHedi a sukulu ya pulaiveti kumene amaphunzila mwana wanga Taonga, kuno ku Nyimba, anandiitanila mu ofesi natseka chitseko. Patebulo panali gauni yakuda ndi kachipewa kake, zili m'pulasitiki.

"Amake Taonga," anatelo, "Loweluka kuli gilajuweshoni ya ana a pulisukulu. Kudzakhala alendo, masipika, ng'oma. Mukudziwa mmene mwana wathu amachitila. Tengani gauni, mukamujambule kunyumba. Chithunzi tidzachipachika pamodzi ndi za anzake."

Ndinafunsa ngati walakwila munthu.

"Iyai, amai. Koma makolo ena amadandaula. Akuti amalipila kuti ana awo aphunzile mwabata."

Ndinatenga pulasitikiyo, ndinathokoza, n'kutuluka.

Taonga ali ndi otizimu. Kwa inu amene simunamvepo mauwa: ubongo wa mwana wotele umalandila za m'dziko mosiyana ndi wathu. Phokoso lalikulu limamupweteka, amatseka makutu n'kukuwa. Salankhula zambili ndipo sayang'ana munthu m'maso. Mantha akamugwila amathamanga osaona kumene akupita. Si ufiti, si tembelelo, ndiponso si kulela koipa, ngakhale apongozi anga ku Sasare sanavomelebe.

Januwale akubwelayu alowa Giledi 1, ndipo ndiyenela kusankha: apitilize kumeneko, kapena apite ku sukulu ya boma.

Lachitatu ndinapita kukaiona ya bomayo. Belu lawo ndi limu ya tayala la galimoto yopachikidwa pamtengo wa mango. Ataiomba ndi chitsulo, ine wamkulu ndinadzidzimuka. Chichotseleni malipilo m'sukulu za boma, ana achuluka, ndipo chimenecho n'chabwino. Koma m'kalasi ndinaona ana opanikizana pa madesiki, ena atakhala pansi mpaka pakhomo.

Mphunzitsi wa Giledi 1, aTembo, anandimvetsela mpaka kumapeto, choko chili m'manja.

"Amai, kuno sitibweza mwana. Bwelani naye. Pa pelete ya m'mawa adzaima pamzele ndi anzake, akuwe asakuwe. Koma ndisakunamizeni. Maso ndili nawo awili chabe. Akatuluka ine ndikulemba pa bolodi, ndidzadziwa mochedwa."

Tonse tinayang'ana panja. Sukuluyo ilibe mpanda. Ukadutsa bwalo la mpila ndi tumashopu tochepa, wafika pamsewu waukulu wa ku Chipata, pamene malole amadutsa osachepetsa liwilo.

Ku pulaiveti kuli mpanda wa njelwa, geti yokhoma, ndi kalasi yoti mphunzitsi amadziwa dzina la mwana aliyense. Kumeneko Taonga amaoneka kwambili, mpaka amafuna kumubisa. Ku boma palibe amene angamubise, chifukwa palibe amene angamuone.

Inu mukanasankha iti?

Musafulumile kudzudzula aHedi aja. Sukulu yawo ndi bizinesi, ndipo bizinesi imamvela ogula. Ogulawo ndife. Chizolowezi chobisa ana otele sichinayambile m'kalasi. Alendo akamabwela pakhomo, timauza wamkulu kuti atenge mng'ono wake apite naye kuseli. Ku chalichi, mwana akayamba kukuwa, makosi onse amatembenuka mpaka mai wake anyamuke. Pa ukwati timamusiya kwa aneba. Timakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma mwambiwo umathela pa mwana amene amapeleka moni bwino.

Ndayesa kufunsa nzelu. Atate ake a Taonga amagwila ntchito ku Lusaka, ndipo pafoni anati, "Uona wekha, ndiwe uli pafupi." Amai a ku chalichi anati andipemphelela. Mnzanga wina anati ndiyese ku Petauke, akuti kuli kalasi ya ana ofunika thandizo lapadela. Ndinamufunsa ngati anakwelapo minibasi ndi mwana amene amalila hutala ya galimoto ikalila, m'mawa uliwonse, kupita ndi kubwela. Anasintha nkhani.

Dzulo ndinabwelela kwa aHedi kukawauza kuti Taonga apitiliza pa sukulu yawo. Anamwetulila, nati ndasankha bwino. Sindinasankhe bwino. Ndasankha geti. Mtima wanga unatsala kwa aTembo, amene sanachite naye manyazi mwana wanga, koma mtima suimitsa lole. Mwana wobisidwa amabwelako madzulo.

Chimene chikundiwawa n'chakuti nkhani yonseyi ndaigamula ndekha, popanda kholo ngakhale limodzi loti linapitamo kale. Komatu Taonga sangakhale yekha m'boma lonse la Nyimba. Ndikamayenda m'makomboni ndimaona nkhope pa mawindo nthawi ya sukulu, ana amsinkhu woti akanakhala m'kalasi.

Inu makolo awo, anu munawapeleka kuti? Kapena munatopa, n'kungotseka chitseko? Sindikuweluzani. Mukandiona pamsika ndagwila dzanja la kamtsikana kotseka khutu ndi dzanja linalo, musayang'ane kumbali. Ingonenani kuti, "Nanenso ndili naye."