Hilario ndi Makalasi a ku Tengani

Hilario Nyakuipa anaphunzira kumanga kwa malume ake, amene anachokera ku Mutarara nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki. Atakula anasonkhanitsa amisiri anzake, ndipo nyumba zambiri za malata ku Tengani zinamangidwa ndi iwo.

Madzi osefukira atagwetsa sukulu ina kufupi ndi Shire, ntchito yoimanganso inapita kwa kontilakitala wa ku Blantyre, bambo Macdonald Sambani. Bambowo anamva mbiri ya Hilario, n'kumugawira makalasi ena kuti amange. Anasainirana pansi pa mtengo wa nimu. Mapepala anali a Chingerezi, choncho Hilario anangoyang'ana pamene panali ndalama, n'kusaina.

Anamanga m'nyengo yotentha, akuyamba kusanache kuti simenti isawaumire m'manja. Ana atalowa m'makalasimo, theka la malipiro linali lisanabwere. Hilario anaimba foni.

"Bwana, anthu anga akundifunsa."

"Nanenso eni ntchito sanandipatse," anatero a Sambani. "Pangano lathu likuti mudzalandira ine ndikalandira. Munasaina nokha, achimwene."

Amisiri a Hilario anali anthu a m'mudzi momwemo, ena opemphera nawo tchalitchi chimodzi. Mkazi wake, Priska, anasiya kupita kuchigayo masana chifukwa cha mawu a akazi a amisiriwo. Hilario anagulitsa mbuzi ndi ng'ombe yokokera ngolo, n'kulipira amisiriwo.

Kenako anapalasa njinga kupita ku boma. Ku ofesi ya zantchito anamuuza mwaulemu kuti iye si wolembedwa ntchito, ndi mwini bizinesi, ndiye nkhani yake ndi ya kukhoti. Kukhoti, loya wa a Sambani anasonyeza ndime ina ya pangano lija, yonena kuti mkangano ukabuka uzikaweruzidwa ndi mkhalapakati ku Blantyre. Hilario atafunsa mtengo wa mkhalapakatiyo, anavala chipewa n'kubwerera kwawo. Chaka chimenecho analima thonje.

Patapita nthawi, kunachitika msonkhano ku Nsanje wofuna kumva maganizo a omanga pa malamulo a malipiro. Olankhula ambiri anali makontilakitala a majekete. Hilario anaimirira chakumapeto, n'kuyamba m'Chimang'anja, koma mkati mwake anapezeka akulankhula Chisena.

"Ine sindidziwa kuti bwana wanga analandira kapena ayi. Ndilibe pofunsa. Khoma lili apo, aliyense akuliona. Bwanji munthu asabwere kudzaliona, n'kugamula ntchito ikadali m'kati, ife tisanagulitse ziweto?"

Mayi amene ankatsogolera msonkhanowo anati mayiko ena ali ndi lamulo lotero, loti mkangano wa malipiro uzigamulidwa m'masabata ochepa, ndipo analemba mawu ake. Hilario anathokoza m'Chisena kuti takhuta, n'kukhala pansi. Zimene zinatsatira pa nkhani ya lamulolo sanazimve.

A Sambani anadzatumiza ndalama zina pa foni, zosakwana, popanda mawu. Hilario analandira, n'kugula mbuzi ziwiri.

Masiku ano amamanga nyumba za aphunzitsi ndi za ogulitsa nsomba. Akamaliza maziko amalandira, akafika pa mawindo amalandiranso, ndipo mwini nyumba akachedwa, iye amatsuka zipangizo n'kupita kumunda. Pa msewu wa ku Bangula pali nyumba ina imene ankamanga, yomwe inaima pa mawindo mvula isanayambe. Mwini wake akuti apitiriza akagulitsa mapira.