Ulendo wa ku Chelstone ndi chimbale cha malemu

Ndinanyamuka ku Kabwata Loweruka m'mawa, dzuwa la Okutobala litayamba kale kuluma, nditakhumbatira chimbale chimodzi chokulunga m'thaulo. Anthu m'njira ankandiyang'ana ngati ndaba khanda. Chimbalecho chinali cha achimwene anga aYotamu, amene tinawaika m'manda mwezi wa m'mbuyo mwake.

Kwathu munthu akamwalira abale amagawana katundu wake, mkazi wamasiye n'kumangoyang'ana. Amalume anatenga mipando, azakhali makina osokera, ine anandiponyera jekete ndi mulu wa zimbale. Galamafoni yokha, chikabati chachikulu chamagetsi, ndiyo inatsala chifukwa sinakwane m'galimoto. Alamu anga, Bana Mwila, sanatsutse kanthu. Nyumba ya ku Chelstone inali ya kuntchito kwa malemu, choncho mawa lake Lamulungu alamuwo ankabwerera kwawo ku Luapula, kumudzi kopanda magetsi. Anatumiza mawu akuti asanapite akufuna kumvako chimbale chimodzi chokha, chija achimwene ankawaikira ali pachibwenzi.

Chimbale chimenechi ine ndinkachiseka kuyambira kale. Anaimba ndi mzungu wina zaka zija tinkalandira ufulu, nyimbo zachikondi zokhazokha, ndipo ndinkati bamboyo akulira ngati chitseko chamupana chala. Achimwene ankangoti, "Iwe ukali mwana."

Pokwerera basi ku Burma Road achinyamata a chipani anandiimitsa kuti aone khadi langa la chipanicho. Ndinawaonetsa. Mmodzi anagwira thaulo lija, poti masiku amenewo sopo ankasowa ndipo aliyense wonyamula phukusi ankamukayikira. Ataona chithunzi cha mzungu wa tsitsi lambiri atatsamira pawindo, anaseka.

"Ah, ni ma lavu songi! Pitani ba mudala, muli na mavuto kale."

Ndinalipira ngwee khumi, basi n'kutitula m'tauni. Ku Cairo Road kunali mzera wa mafuta ophikira wofika kuseri kwa sitolo, ena ataimamo asakudziwa n'komwe kuti akugulitsa chiyani. Apa mpamene ndinaganiza zopatukira ku Chachacha Road, kwa mkulu wina wokonza mawailesi. Chimbale chija anachiponya pamodzi ndi mapoto tsiku logawa katundu, ndiye ndinkaopa kukawapatsa alamu chinthu chokalika. Ndinati ndingomva nyimbo imodzi.

Mkuluyo anachipukuta ndi kansalu, nauzira singano, n'kuitsitsa mwaulemu. Kunayamba ng'oma imodzi yogunda pang'onopang'ono. Kenako mawu a bambo uja analowa chapansipansi, ngati akudzilankhulira yekha. Mavayolini anabwera pambuyo pake, n'kumamukankha, iye n'kumakwera, kukwera, mpaka ndinagwira m'mphepete mwa tebulo poganiza kuti mawu amuthyokera. Sanathyoke. Chingerezi changa n'chopereŵera, koma ndinamva kuti munthuyu akupempha mkazi kuti asachoke, ndipo akudziwa kuti achoka ndithu.

Nditatambasula dzanja kuti ndichitenge, mkulu uja anandimenya pachala.

"Iyi sitimvela hafu, ba mudala. Nkhalani pansi."

Ndinakhala pa bokosi la mabatire, ndipo tinamva mbali yoyamba yonse, n'kutembenuza. M'kasitolo ka fungo la waya wopsa kameneko ndi mmene ndinawadziwira achimwene anga. Anali munthu wosalankhula. Sindinawamvepo akunena mawu okoma kwa akazi awo pagulu, ngakhale kuwagwira dzanja. Zonse zimene pakamwa pawo pankakana ankamusiyira mzunguyu kuti awanenere. Misozi inanditsika, mkulu uja n'kumanamizira kufunafuna sikuluu pansi pa tebulo.

Potuluka ndinapeza basi ya ku Chelstone itapita. Ina inachedwa monga mwa masiku onse, ine n'kumatafuna chinangwa chootcha ndi mtedza pamthunzi. Itabwera tinapanikizana ngati matumba a makala. Titadutsa Northmead, mayi wina wonyamula nkhuku anandikoka malaya.

"Imwe, chosani mbale iyo pa windo, izapindika na zuba!"

Chimbalecho ndinachibisa m'malaya, ndipo Great East Road yonse ndinayenda nditaimirira, dzanja limodzi kuchitsulo, lina pamtima. Ndinatsikira pa thanki yamadzi ya ku Chelstone dzuwa litapendeka.

Pabwalo la nyumba panali mikwingwirima ya matayala a lole. M'chipinda chochezera ndinapeza alamu atakhala pamphasa pakati pa mitolo yawo. Pakona pamene pankakhala galamafoni panali timabanga tinayi pa simenti yofiira, pomwe pankaponda miyendo yake.

"Mwabwela, ba mulamu," anatero. "Ba malume banabwela na lole. Nenze nabapempha kuti balindileko. Banalindila mpaka zuba pakati, koma bati ku Petauke ni kutali."

Kumudzi kwa amalume nakonso kunalibe magetsi. Galamafoniyo inkapita kukasunga makapu.

Ndinawauza kumene ndinachedwa, ndikuyembekeza kuti andikalipira. Akanatero mwina mtima ukanapepuka. Iwo anangolandira chimbalecho, n'kuchitulutsa m'chikuto chake, n'kumachipendeketsa pa kuwala kwa pakhomo.

"Mwaimvela yonse? Na ija ya kumbali yachibili, pamene mavayolini yaleka, asala eka?"

"Ndaimva, alamu."

"Siinakalike?"

"Ayi, ili bwinobwino."

"Niimbileniko."

Ine kuimba ndi kutali. Ngakhale kutchalitchi amandipempha kuti ndizingoyendetsa milomo. Koma ndinagwada pamphasapo, n'kuyamba chapansipansi monga anayambira mwini wake, Chingerezi ndikuchiphwanya. Alamu ankandikonza ndikasochera, chala chawo chikugunda ng'oma pabondo. Titafika pokwera paja mawu anga anakanika, ndinangotsala kukamwa yasa. Iwo anapitiriza okha ndi mawu aang'ono onjenjemera, maso ali kukhoma, mpaka nyimbo inatha. Anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje, n'kuseka pang'ono.

"Na Yotamu akaimba, apa penze pomukanga," anatero.

Ndinabwerera ku Kabwata madzulo, basi ili ndi mipando yambiri yopanda anthu. Ulendowu unandiphunzitsa kumva nyimbo zimene ndinkanyoza, koma phunzirolo analipira ndi alamu. Mpaka lero zimandiwawa. Chimbale chimene achimwene ankafunsira nacho mkazi, womaliza kuchimva chonse ndinali ine, ndipo mwini wake anakwera basi ya ku Luapula atangomva mawu anga osasa.