Njere za M'khitchini ya Mayi Bisht

A Blackson ndi munthu amene amaopa wapolisi ngakhale wa pa chithunzi. Ndawadziwa kwa zaka zambiri, chifukwa timapemphera limodzi ku South B kuno ku Nairobi, ndipo nyumba zathu zimayang'anana. Mukawaona Lamlungu atavala jekete yawo yotuwa, akulandira alendo pakhomo la tchalitchi, mungati ndi bwana wa bungwe lina lalikulu. Ayi ndithu, ndi khukhi, ndipo amanyadira.

Kwawo ndi ku Ntcheu. Anabwera kuno ndi banja lina limene ankaliphikira ku Lilongwe, ndipo banjalo litasamutsidwanso iwo anatsala, atapeza ntchito kwa Mayi Bisht. Mayiwa ndi Mmwenye wachikulire wochokera kumapiri aatali a kumpoto kwa India, ndipo ali ndi kanyumba ka alendo pafupi ndi Runda. Alendo apaulendo amapitako chifukwa cha chakudya cha kwawo kumapiriko, chimene eni ake amachitcha cha Chipahadi.

Poyamba a Blackson ankachiseka chakudyachi. Ankati anadutsa malire awiri kudzaphunzira kuphika zakudya za m'chaka cha njala. Chapati chake n'cha ufa wa mawere, chakuda bii. Masamba ake ndi aja oyabwa, amene amayi Achikikuyu amagulitsa pamsika n'kumati thabai, ndipo mwezi woyamba manja awo anali zidzolo zokhazokha. Nyemba zake ndi ting'onoting'ono, tophika m'chiwaya chachitsulo mpaka msuzi kuda. Koma anazolowera, mpaka Mayi Bisht anayamba kuwasiyira khitchini yonse.

Za mantha awo aja, gwero lake ndi mng'ono wawo Greyson. Greyson anali dalaivala wa lole kumudzi, ndipo tsiku lina anamugwira pa rodibuloko ndi matumba a chamba pansi pa katundu. Iye analumbira kuti anangopatsidwa ndi abwana ake ndipo sanatsegule. Khoti silinamukhulupirire, a Blackson nawonso sanamukhulupirire. Ankati anachititsa manyazi mtundu wonse. Sanakamuoneko kundende, ndipo atatuluka sanamuimbire foni. Ine ndinayesapo kuwalankhula, koma ankangoti, "Alongo, munthu sanyamula chinthu osachidziwa."

Ndiye tsiku lina mlendo wochokera ku India anawabweretsera Mayi Bisht kaphukusi ka kwawo. Mayiwo anakondwa ngati mwana, n'kukhuthulira pambale tinjere tozungulira, totuwa, tamawangamawanga. A Blackson atangoyang'ana, anazindikira pomwepo. Mmalawi wa msinkhu wawo sachita kuuzidwa za njere za chamba.

Anayesa kunena kuti zinthu zimenezi kuno n'zoletsedwa ngati kwathu komwe. Mayi Bisht anaseka mpaka kupukuta misozi. Anati kwawo njerezi amakazinga, n'kupera pamphero pamodzi ndi tsabola, mandimu ndi mchere, n'kukhala chatini, kandiwo kokometsera kamene ana ndi nkhalamba zomwe amadya. Anati choledzeretsa chili m'masamba, osati m'njere. A Blackson anangoti, "Yes, Madamu," koma mumtima ankaona amisala onse amene anakumana nawo m'misika ya kwathu, amene anthu amati anapenga ndi chamba. Anakazinga, anapera, koma kulawa anakana, ndipo manja anasamba ndi sopo katatu.

Chatinicho anakonzera gulu la alendo amene ankapita kukaona nyama, ndipo anayenera kudya nkhomaliro ku Athi River, pa fakitale ya mkamwini wa Mayi Bisht. Galimoto ya chakudya inanyamuka m'mawa. Dzuwa litakwera, mayiwo anapeza chitini cha chatini chili phee pathebulo, chaiwalika. Anachikulunga m'nsalu, n'kuwapatsa a Blackson kuti athamange nacho pa matatu, minibasi za kuno.

Iwo amati ankafuna kukana, koma pakamwa sipanatseguke. Munthu wolembedwa ntchito m'dziko la eni, mapepala ake a ntchito ali m'manja mwa bwana, amakana bwanji? Anachiika m'chikwama n'kutuluka. Mlonda wa pageti atawapatsa moni, iwo anadzidzimuka ngati awatchula dzina kukhoti.

Mpaka m'tauni zinayenda bwino, kungoti ankaona ngati aliyense akununkhiza chikwama chawo. Anakwera matatu yachiwiri ya msewu wa ku Mombasa, n'kukhala kumbuyo kwenikweni. Atadutsa mphambano ya kubwalo la ndege, magalimoto anayamba kuyenda pang'onopang'ono, kenako anaima. Kondakitala anasuzumira panja n'kunena mawu amodzi okha: "Polisi." Kutsogolo ankatsitsa anthu m'matatu n'kumatsegula zikwama, ndipo pambali panali galu wamkulu atamangidwa pa tcheni.

A Blackson amati thukuta linatsika kumsana ngati awathira madzi. Anaganiza za akazi awo, a Bernadette, akulandira foni. Anaganiza za mpingo wonse ukunong'onezana kuti mkulu wolandira alendo uja ankagulitsa chamba. Anayesa zenera kuti ataye chitinicho, koma linali lomata, komanso wapolisi wina ankayenda m'mbali mwa magalimoto. Kuchisiya pansi pa mpando, mayi amene anakhala nawo akanaona.

Apa m'pamene anachita chinthu chimene mpaka lero ndikachiganiza sindidziwa kaya ndiseke kaya ndilire. Anatsegula chitinicho, n'kuyamba kudya. Ankakomba ndi zala, kumeza osatafuna, tsabola akuwotcha kukhosi, misozi ndi mamina zili chuchuchu. Chinali chatini chokwanira gulu lonse la alendo, ndipo anachimaliza matatu isanafike pa apolisi. Mayi wa pambali uja anasendera kutali.

Atawatsitsa, anaima pamzere. Tsopano mantha anali awiri: kugwidwa, ndi kupenga pomwepo pamsewu, chifukwa anali otsimikiza kuti misala ili m'njira. Wapolisi wachinyamata anatenga pasipoti yawo, n'kumwetulira.

"Malawi, eeh? Kwenu kuna ile kitu kali," anatero, kutanthauza kuti kwathu n'kotchuka ndi chamba chaukali.

A Blackson anayesa kuseka koma panatuluka chifuwa. Wapolisiyo anapisa m'chikwama, anatulutsa chitini chija, anachitsegula n'kununkhiza. Kenako anapititsa chala m'mphepete momwe munatsalira pang'ono, n'kulawa. A Blackson amati nthawi imeneyo anasiya kumva phokoso la magalimoto, ankangomva mtima wawo.

"Njugu?" anafunsa wapolisiyo. Ankafunsa ngati inali mtedza.

"Ndiyo, afande. Njugu," anavomera a Blackson, munthu amene sananamepo ngakhale pa msinkhu wa mwana wake pokwera basi.

Wapolisiyo anati n'chokoma koma tsabola wachuluka, anawabwezera chitini, n'kupita kwa wotsatira. Galu uja sanadzuke n'komwe. Zinamveka kuti apolisiwo ankafunafuna katundu wina wobedwa.

Ku Athi River anafika ndi chitini chopanda kanthu. Anakhala pansi pa mtengo kuseri kwa fakitale kudikira misala. Ankadzifunsa dzina lawo, mayina a ana awo, n'kumayankha bwinobwino. Misala sinabwere. Chimene chinabwera ndi m'mimba, ndipo za zimenezo sindinena zambiri.

Mayi Bisht atamva nkhani yonse sanasekenso. Anapepesa, n'kutaya njere zotsalazo, ndipo kuyambira pamenepo chatini cha pamalopo amapera ndi chitowe. Alendo sadandaula.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, a Blackson anagogoda kwanga akadali ndi chikwama chija. Nkhope inali itagwa. Ndinaganiza kuti kwagwa maliro.

"Alongo," anatero, "nambala ya Greyson muli nayo?"

Ndinali nayo, chifukwa mkazi wa Greyson ndi msuweni wanga. Anaimba ali chiimire pakhonde langa, ndipo mawu a mbali inayo ndinkawamva. A Blackson anafotokoza zonse mosokonekera, za njere, za galu, za chitini. Anati iwo ankadziwa chimene ananyamula koma anakanika kukana, ndiye nanga munthu amene sanauzidwe n'komwe?

Kenako Greyson analankhula, mosakwiya, ngati munthu wotopa.

"Munali ndi mwayi, achimwene. Zanuzo zinali zodyeka."

A Blackson anakhala pansi pa sitepe, foni ili kukhutu, n'kuyamba kulira mokweza ngati mwana. Ndinalowa m'nyumba kukawatungira madzi akumwa, ndipo ndinachedwako dala.